Ena akufuna yankho Lachisanu, ena akuti ndidikire milungu itatu

"Amayi, ndine mtsikana wa zaka 23, ndikumaliza digiri ya zamalamulo pa yunivesite ya UNZA ndipo ndimakhala kwa azakhali ku Kaunda Square muno mu Lusaka. Kampani ina yaing'ono ku Rhodes Park, ya maloya atatu okha, yandilembera kalata yoti ndikangomaliza mayeso ndikayambe kumeneko, ndizigwira ntchito uku ndikuphunzira ku ZIALE, sukulu imene omaliza digiri amadutsamo asanaloledwe kukhala maloya. Akuti ndiyankhe pofika Lachisanu lino. Koma mtima wanga uli ku kampani ina yaikulu kumene ndachita intavyu kawiri. Kumeneko anandiuza kuti ndinachita bwino, koma zotsatira zituluka pakatha milungu itatu. Ndinaponyanso kalata ku boma, sanayankhebe. Amayi anga ku Chipata akuti ndivomere yaing'onoyi, ikadzatuluka yaikulu ndidzangochoka. Amalume akuti ndidikire, ndisadzitchipitse. Usiku sindikugona. Nditani?"

Mng'ono wanga, mtima m'malo. Chimene chakusowetsani tulo ndi chomwe anzanu ambiri m'kalasi akuchilirira, pakuti alipo amene adzayambe maphunziro ku ZIALE akuzungulirabe m'maofesi ndi maenvulopu, kusaka woti awatenge. Sikuti ndikupeputsa nkhawa yanu ayi. Ndakhala mbali zonse ziwiri za nkhani yotereyi, poyamba ngati wofuna ntchito, kenako kwa zaka zambiri ngati wolemba ana ntchito, ndipo ndikudziwa mmene masiku anayi amafupikira munthu akakhala ndi kalata m'chikwama.

Kusemphana kwa masikuku sikuchokera pa nkhanza ya munthu aliyense. Kampani ya maloya atatu ilibe komiti. Bwana akakuonani Lolemba n'kukhutira nanu, Lachiwiri kalata yatuluka, ndipo amafuna yankho msanga chifukwa m'dirowa mwake muli dzina la mwana wina amene anabwera pambuyo panu, yemwe nayenso akusakidwa kwina. Kampani yaikulu imayenda ngati lole yodzaza chimanga pokwera Manenekela. Amene anakufunsani mafunso alembe lipoti, a HR aunike, mabwana akumane, wina ali ku Ndola ku mlandu, wina ali pa tchuthi. Milungu itatu imene anakuuzaniyo muiwerenge ngati isanu. Za boma ndiye muziike padera sabata ino. Kaya ndi ku ofesi ya Attorney General, ku National Prosecution Authority kapena ku Legal Aid Board, kumeneko n'kophunzirako ntchito kwabasi, makamaka kwa munthu wofuna kuzolowera kuima m'khoti, koma kulemba anthu kwawo kumatenga miyezi ndipo simungakufulumizitse ndi foni.

Tsono popeza ndinu wa zamalamulo, tsegulani kope lanu la contract, malamulo a mgwirizano, zija za offer ndi acceptance, kupereka mwayi ndi kuuvomera. Munaziloweza kuti mukhoze mayeso, lero zakupezani pakhomo. Kalata imene muli nayoyo ndi offer, ndipo Lachisanu likadutsa musanayankhe, yafa yokha, palibe wofunika kukuuzani. Choopsa china n'chakuti ikhoza kufa Lachisanu lisanafike. Mukukumbuka mlandu wa Routledge v Grant wa 1828, pamene munthu ananena kuti adikira milungu 6 koma anabweza mawu nthawiyo isanathe, khoti n'kunena kuti anali ndi ufulu wotero? Lonjezo lodikira limene simunalipire kanthu silimanga munthu. Ndiye musamayende ngati ntchitoyo ili kale m'thumba.

Pali milandu ina iwiri imene ikuuzeni kayankhulidwe koyenera. Mu Hyde v Wrench, 1840, munda unali pa mapaundi 1,000, wogula anati apereka 950, atakanidwa anabwerera kuti chabwino ndilipira 1,000 yomweyo, koma khoti linati mwayi unatha pamene anatchula mtengo wake. Mu Stevenson v McLean, 1880, wogula zitsulo anangofunsa ngati wogulitsa angalole kuti katunduyo atengedwe pang'onopang'ono m'miyezi iwiri, ndipo khoti linati kufunsa chabe sikupha offer. Kwa inu tanthauzo lake n'lakuti mukalemba kuti "ndibwera pokhapokha mundipatse milungu itatu ndi kuwonjezera ndalama", mwakana ntchito ndi dzanja lanu. Mukalemba kuti "kodi zingatheke kundipatsako masiku ena ochepa ndisanayankhe?", mwangofunsa, ndipo kalata yanu ikadali moyo. Komatu bwana si jaji wowerenga milandu ya ku England. Ndi munthu, akhoza kukhumudwa n'kubweza kalata yake, n'chifukwa chake ulemu wa mawu anu ndi wofunika kuposa milandu yonseyi.

Foni yoyamba isapite ku Rhodes Park. Ipite ku kampani yaikuluyo, mawa m'mawa, ma 9 koloko anthu asanabalalikire ku makhoti. Ana ambiri amaopa kuchita zimenezi, amaganiza kuti aoneka odzikweza. Ife olemba ntchito sitiona choncho. Munthu amene wina wamufuna kale timamuyang'ana kawiri. Mufunse amene anakonza intavyu yanu, ndipo mawu ake akhale achidule, monga awa, inu mudzawaika m'Chingerezi cha ku ofesi: "Ndalandira kalata ya ntchito kwina ndipo akufuna yankho Lachisanu. Kwanu kuno ndi kumene ndimafunitsitsa. Kodi n'zotheka kudziwa pamene ndaima Lachinayi lisanathe?" Mukatsitsa foni, tumizani imelo yobwereza zomwezo. Dzina la kampani inayo simukukakamizidwa kulitchula, ndipo ndalama musakokomeze. Maloya a mu Lusaka amadziwana, ena anakhala benchi imodzi ku UNZA, ena amapemphera tchalitchi chimodzi. Bodza la Lachiwiri limafika kwa mwini wake Lachitatu.

Yankho lawo likuphunzitsani zambiri. Ngati akukufunanidi, mudzadabwa mmene komiti ya milungu itatu imakumanira m'masiku awiri. Akakuuzani kuti "sitingafulumire, koma muli pa anthu awiri omaliza", chimenecho n'chinthu, ngakhale si ntchito. Akangoti "chitani zimene mukuona kuti n'zabwino kwa inu", mwamva kale yankho, angolikulunga mwaulemu.

Mukatero ndiye muyankhule ndi a ku Rhodes Park, tsiku lomwelo kapena Lachitatu, osati Lachisanu madzulo. Ngati mungathe, pitani nokha. Kuchokera ku Kaunda Square ndi minibasi chabe, ndipo kampani yaing'ono imalemekeza nkhope kuposa imelo. Yambani ndi kuthokoza, nenani chimene chakusangalatsani pa ntchito yawo, kenako pemphani tsiku lenileni. Musati "ndipatseniko nthawi", chifukwa bwana amva ngati mukufuna kumuika pa mzere mpaka kalekale. Nenani kuti "mpaka Lachisanu la sabata yamawa". Sabata imodzi ambiri amapereka. Milungu itatu ndi yovuta kwa ofesi ya anthu atatu, ndipo ine sindingakulangizeni kuipempha. Akafunsa chifukwa, nenani zoona mwachidule, kuti pali kwina kumene munayamba kale kukambirana ndipo mukufuna kutseka nkhaniyo bwinobwino kuti mukavomera muvomere ndi mtima wonse. Akalola, pemphani kuti tsiku latsopanolo alilembe, ngakhale pa imelo ya mizere iwiri. Akakana mwaulemu, musawaone ngati oipa. Koma akakalipa, n'kuyamba zoti ana a masiku ano ndinu osayamika, mwaonerapo mmene zidzakhalire tsiku limene mudzapemphe nthawi yowerengera mayeso.

Nkhani ya mayesoyi ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa m'kalata yanu mwaitchula mongodutsa pamene ndiyo mwini nkhani. Digiri ya LLB siikupangani loya woima pamaso pa jaji. Pakati pa inu ndi gauni pali ZIALE, imene inalowa m'malo mwa Law Practice Institute yakale, ndipo aliyense mu ntchito yathu amadziwa kuti amene amakhoza maphunziro onse ulendo woyamba amakhala ochepa. Anthu anzeru, amene ankatsogola ku yunivesite, amagwa pa akaunti, pa conveyancing (kusamutsa umwini wa malo ndi nyumba), pa ndondomeko za makhoti. Chaka chimenecho ntchito yanu yeniyeni ndi kukhoza. Choncho funso lofunika pa makampani awiriwa si lakuti ndani ali ndi ofesi yokongola, koma ndani adzakumasulani nthawi ya kalasi popanda kukwinya nkhope, ndani adzakupatsani masiku owerengera mayeso akayandikira, ndipo ndani adzakhale nanu pansi kukuonetsani mmene affidavit, chikalata cholumbirira, imalembedwera, n'kuibweza ndi inki yofiira mpaka ikhale bwino.

Apa kampani yaing'ono nthawi zambiri imapambana, ngakhale ana sakhulupirira ndikawauza. Kumene kuli maloya atatu, mwezi woyamba womwewo mudzanyamula mafayilo kupita ku registry, ofesi yolandira mapepala a milandu, ya High Court pa Independence Avenue, mudzadziwa kalaliki amene amabweza mapepala chifukwa cha sitampa imodzi, mudzakhala kumbuyo kwa bwana m'chemba cha jaji, mudzapita ku Ministry of Lands kukafufuza za malo, mudzamva mayi wamasiye akufotokoza za nyumba imene achibale akufuna kumulanda. Zonsezi ndi zimene mayeso amafunsa. Kampani yaikulu ili ndi zake zabwino zimene sindingazibise: dzina lolemera pa CV, laibulale, milandu ya migodi ndi mabanki, ndalama zochulukirapo. Koma mukhoza kutha miyezi 6 m'chipinda chimodzi mukuwerenga mapangano a kampani imodzi, khoti osalionako. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zimatengera amene mwagwera m'manja mwake, ndipo zimenezo simungazidziwe pa intavyu. Funsani amene anadutsamo. Pa UNZA simungasowe wina wa chaka chapitacho amene anagwirako ku imodzi mwa makampaniwa. Mugulireni chakumwa pa East Park, mumufunse kuti ankaweruka nthawi yanji, ndiponso kuti mwa ana amene analowa naye limodzi, angati anakhoza.

Kalatayo muiwerengenso ndi maso a loya, osati a mwana wosangalala. Kodi akukutengani ngati wantchito wa malipiro, kapena ngati wophunzira ntchito wolandira alawansi? Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zimakhudza penshoni ya NAPSA, inshuwaransi ya zaumoyo ya NHIMA ndi tchuthi. Ngati ndi ntchito yeniyeni, lamulo la zantchito la Employment Code Act la 2019 limati mgwirizano wa miyezi 6 kapena kuposerapo ukhale wolembedwa, ndipo nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi itatu, ngakhale ikhoza kuwonjezedwa ndi ina itatu. M'nthawi yoyesedwayo bwana akaona kuti simukukwanira akhoza kukuchotsani ndi notisi ya maola 24 okha. Zimenezi n'zoona ku kampani yaikulu ngati mmene zilili ku yaing'ono, ndiye musaganize kuti dzina lalikulu ndi denga losadontha. Onaninso ngati alonjeza kukusungani mukadzavala gauni, ndiponso chimene chidzachitike mukadzalephera phunziro limodzi n'kufunika kubwereza. Ndalama muziwerenge zotsala m'manja mutachotsa msonkho ndi minibasi za tsiku ndi tsiku pa Great East Road, osaiwala kuti ngati munaphunzira pa ngongole ya boma, nayonso ikudikira.

Tibwere kwa amayi ndi amalume. Onse awiri amakukondani, ndipo onse awiri ndikutsutsana nawo.

Amalume akuti dikirani. Ine ndinadikirapo. Nditatsala pang'ono kumaliza sukulu, loya wina wamkulu anandigwira paphewa pa mwambo wina n'kunena kuti, "Iwe usavutike, Januwale udzayambe kwathu." Ndinakana malo ena amene anali atandilembera kale kalata, ndinakana monyadira ndithu. Januwale atafika ndinapita nditavala suti yobwereka. Mlembi anandikhazika pa mpando maola awiri, kenako anatuluka n'kundiuza kuti bwana akuti chaka chino zinthu zavuta, ndiyesenso pakati pa chaka. Bamboyo sananame dala, anangolankhula zimene zinali mumtima tsiku limenelo. Ndinakhala miyezi isanu kwa achemwali anga ku Chilenje ndikutsuka mbale, anzanga akuphunzira ntchito. Kuyambira pamenepo mawu akuti "munachita bwino" ndimawamva ngati moni. Amene anachita bwino pa intavyu akhoza kukhala asanu, malo ali amodzi. Kudikira kumakhala kwanzeru pokhapokha ngati kalata imene muli nayo ndi yoti simukanailandira ngakhale pakanapanda ina, mwina chifukwa mwamva mbiri yoipa ya malowo kapena sakulolani kupita ku kalasi, komanso ngati kunyumba angathe kukusungani miyezi ingapo mulibe cholowa.

Malangizo a amayi ndi amene ana ambiri amatsata, ndipo ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Kumbali ya lamulo, mukavomera ndiye kuti mgwirizano wamangidwa, ngakhale musanayambe ntchito. Mlandu wa Hochster v De La Tour wa 1853 unali wa ntchito ndithu: munthu analembedwa kuti adzayambe pa 1 Juni, bwana anabweza mawu mu Meyi, ndipo khoti linati wolakwiridwayo akhoza kusuma nthawi yomweyo osadikira Juni. Lupanga limenelo limadula mbali zonse. Kunena zoona, palibe khoti limene lidzakukokereni ku desiki, ndipo ndi makampani ochepa amene angataye nthawi kusumira mwana wa sukulu. Chimene mudzalipire si ndalama.

Chaka china ofesi yathu inatenga mnyamata wanzeru kwambiri. Anasaina, tinauza mtsikana amene anali wachiwiri kuti malo atha, tinagula mpando ndi kompyuta. Lolemba loyamba mpando unakhala wopanda munthu. Foni yake inali yozima. Lachitatu usiku ndinalandira uthenga wa pa WhatsApp wa mizere itatu, wonena kuti wapeza mwayi wina. Mtsikana uja tinamuimbira, anali atapita kale kwina. Sindinakwiye nthawi yaitali, ntchito inali yambiri. Koma patapita zaka zinayi mnzanga wina anandiimbira, ali ndi CV pa desiki, n'kufunsa kuti, "Mwana uyu ukumudziwa?" Ndinamuuza zimene zinachitika, osawonjezera, osachotsera. Ntchito yathu imayenda pa mawu. Loya akauza mnzake kuti ndalama za kasitomala ndazisunga, ndidzatumiza mapepala akasainidwa, mnzakeyo amakhulupirira chifukwa cha dzina lake, ndipo kuphwanya lonjezo lotero ndi mlandu wa mwambo ku LAZ, bungwe la maloya a mu Zambia. Munthu amene chinthu choyamba kudziwika nacho mu ntchitoyi ndi kuthawa siginecha yake wayamba ndi ngongole.

Sindikunena kuti munthu akasaina ndiye wakwatiwa. Zimachitika kuti mwavomera ndi mtima woona, kenako pabwera chinthu chimene simunachiyembekezere, monga sikolashipu yokaphunzira kunja kapena matenda kunyumba. Zikatero mumapita nokha kwa bwana, msanga, n'kunena zoona, n'kupereka notisi imene kalata ikunena. Mtsikana wina anachita zotero kwa ine, anabwera maso ali ofiira, ndipo mpaka lero timatumizirana makasitomala. Chimene ndikukana ndi kusaina Lachisanu uku mukudziwa kale mumtima kuti mukungobisala mvula. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mu Lusaka mapangawo ndi oyandikana, eni ake amaonana.

Ndiye Lachisanu likafika, aakulu sanayankhe, aang'ono sanawonjezere masiku, ine ndikanakhala inu ndikanatenga ya ku Rhodes Park, malinga ngati yakhoza mafunso aja a kalasi, a mphunzitsi ndi a ndalama yokwanira kuyendera. Ndikanavomera polemba, nthawi ya ntchito isanathe, n'kuimba foni kutsimikiza kuti imelo yafika, chifukwa uthenga umene wagona mu spam sunayankhe munthu. Kenako ndikanalembera a kampani yaikulu kuwathokoza ndi kuchotsa dzina langa pa mndandanda, n'kunena kuti ndingakonde kudzayankhulananso mtsogolo. Kalata yotero amaisunga. Makampani aakulu amalembanso maloya amene avala kale gauni ndipo agwirako zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pa nthawiyo mudzalowa ngati munthu wodziwa registry, osati mwana wofunika kumuonetsa pamene pali fotokope. Zikatembenuka, aakulu n'kukupatsani kalata Lachinayi, musakane aang'ono musanaione kalatayo ndi maso anu, yosainidwa, yokhala ndi tsiku loyambira. Mukaiona, aimbireni a ku Rhodes Park ola lomwelo kuti apeze mpata woitana mwana wina uja.

Pali pamene simuyenera kuyenda nokha. Ngati m'kalata muli mawu oti adzakulipirirani fizi ya ZIALE koma mukachoka musanathe zaka zakuti mudzabweza, kapena oti simudzagwira ntchito ku kampani ina ya maloya kwa nthawi yakuti, musasaine musanaonetse loya amene sali mbali ya makampani awiriwa. Aphunzitsi anu ambiri ku School of Law ndi maloya, ndipo kuwerenga masamba awiri sikungawatengere theka la ola. Za ufulu wa wantchito, ofesi ya zantchito ya boma imayankha mafunso. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu lidutse, kapena bwana akayamba zoti mukakambirane za ntchitoyo ku loji madzulo, imeneyo si nkhani ya masiku omaliza ayi. Sungani mauthengawo, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo ngati ndi loya, LAZ imalandira madandaulo otero. Kusagonaku nako kukapitirira Lachisanu, mpaka kukulepheretsani kudya kapena kuwerenga, kaonaneni ndi alangizi a pa sukulu kapena a ku kiliniki, chifukwa mayeso omaliza akadali patsogolo ndipo makampani onse awiri akufuna munthu wa digiri.

Amayi ku Chipata muwaimbire madzulo ano, musanayambe mafoni enawa. Afotokozereni kuti kuno eni makampani amadziwana ngati mafumu a midzi yoyandikana, adzamva msanga. Amalume muwauze mutatha kusankha.